Mluzu wa Ba Whyson

Choyamba kusowa chinali chithunzi cha ukwati.

Zithunzi zonse za malemu Whyson, yemwe ankawotcherera mageti ku Kalingalinga, zinali mu laputopu imene anasiyira mkazi wake, Exildah. Batire lake linafa kalekale, motero inkangokhala pa soketi, magetsi akabwera n'kudzuka yokha. Mwambo wovundukula mwala wa pamanda utayandikira, Exildah anapita ndi fulashi, kachipangizo konyamulira zithunzi za pa kompyuta, kwa osindikiza zithunzi pamsika. Ataisomeka m'makina awo anapeza kuti ndi owonongeka, ndipo atabwerera anaisomekanso mu laputopuyo.

Madzulo ake magetsi anachedwa. Komboni yonse inali bii, kumangomveka jenereta ya kubala ndi madzi akudontha pampopi wa panja. Babu itangoyaka, m'chipinda munamveka mluzu: kawiri mofupika, kamodzi motalika. Umu ndi mmene Whyson ankaimbira akafika pageti kuti amutsegulire.

Exildah anaima ndi mbale m'manja mpaka madzi anaumira m'zala. Atayang'ana mu laputopu, chithunzi cha ukwati munalibe.

Mawa lake mluzu unamvekanso, ndipo zinapita zithunzi za kushopu. Kenako zinapita za ubatizo wa mwana. Nsofwa, mayi wa chipinda choyandikana, ankamva zonse, pakuti khoma la pakati silinafike kudenga.

"Ba Exildah," ananong'ona ali pampopi, "bamuna banu babwela kutenga vinthu vao. Akasiliza mapikicha, azatenga ndani?"

Nkhani inayenda pamzere wa mabaketi. Ena ankati Whyson sanakondwe ndi mwala umene anamusankhira. Malume ake a malemuyo anatumiza mawu akuti laputopuyo itenthedwe Loweruka, mwambo usanachitike. Koma akaitentha, Exildah nkhope ya Whyson akaipezanso kuti?

Lachisanu Exildah anaitana Maud, mlongo wake wa Whyson, amene amagwira ntchito pa kompyuta ku ofesi ina m'tauni. Anakhala awiriwo mumdima, kandulo itazimitsidwa, akudikira. Magetsi atabwera, mluzu unalira. Maud anagwira pachifuwa. Kenako anakoka mpando.

"Mulamu, iyi fulashi munaipeleka kuti?"

"Kumaketi."

"Yabwela na vayirasi."

Anatsegula antivayirasi, pulogalamu yolondera kompyuta, n'kulowa pamalo otchedwa kwarantini.

"Aka ni kajele," anatero. "Vonse vamene yakaikila imavivalila muno. Sivinafe. Onani."

Zinalimo zonse: ukwati, shopu, ubatizo. Maud anazula fulashi ija, anachotsa vayirasi, n'kuyamba kutulutsa zithunzizo chimodzichimodzi. Whyson anabwerera pagalasi la laputopu atavala suti yobwereka, manja ake ataliatali atatulukira kunja.

"Nanga mluzu?" anafunsa Exildah.

Maud anafufuza posinthira machenjezo, ndipo anaseka misozi ikutsika.

"Uyu muntu! Anazijambula eka, anaika muluzu wake m'malo mwa kabelu kamene kamalila antivayirasi ikavalila chinthu mu kajele. Uthenga wa pa sikirini anauzimya, ndiye chifukwa simunaone chilichonse." Anayatsa uthengawo, kenako anaima kaye. "Muluzu nichose?"

"Usiye."

"Olo niusiye, siuzalila futi. Vayirasi yasila."

Exildah anayang'ana fulashi imene inali patebulo, n'kutambasula dzanja pang'onopang'ono. Maud anayamba ndiye kuitola.

"Iyayi, mulamu. Mufuna muziisomeka kuti azikuimbilani? Muzaononga vonse."

Anatuluka nayo n'kukaiponya m'chimbudzi chokumba.

Loweruka laputopu sinatenthedwe. Malume anamvetsera zimene Maud anafotokoza, anakanda m'mutu, n'kungopempha chithunzi chimodzi choika m'chikwama. Mwala unavundukulidwa, nkhope ya Whyson ili pakati pake, ndipo anthu anabalalika dzuwa lisanalowe.

Tsiku limenelo magetsi sanabwere n'komwe, akuti thiransifoma inapsa. Jenereta ya kubala nayo inali zii. Nsofwa anakhala pabedi akusisita mapazi otopa ndi ulendo wa kumanda, akumva mphepo ikusewera ndi lata lomasuka padenga.

Kuseri kwa khoma kunamveka mluzu: kawiri mofupika, kamodzi motalika.

Nsofwa anayang'ana babu yake. Inali yozima.

Kenako anamva mpando ukukokedwa pasimenti, mapazi akupita kuchitseko mosafulumira, ndi mawu a Exildah, odekha ngati a tsiku lililonse.

"Nabwela, ba Whyson. Lekani nipeze makiyi."