Chotupa Chimene Chinkalavula Mankhwala

Talandira anatuluka m'chipinda cha dokotala. Mayi ake, a Lenia, anali pabenchi panja atamanga duku kumutu kopanda tsitsi. Ngakhale anali wa Fomu 3 chabe, Talandira ndiye anali gadiyani wawo pachipatala cha ku Lilongwe, ndipo monga zimakhalira, nkhani yolemera inauzidwa kwa gadiyani, osati kwa wodwala.

Dokotala anali atamuonetsa zithunzi za sikani pakompyuta. "Mbali iyi chotupa cha m'berechi chachepa," anatero. "Koma apa pakuwalapa chazolowera mankhwala. Akalowa, chikuwalavula. Alipo ena amene angachichititse kuti chiyambenso kumva, koma mubwere nawo mayi anu milungu iwiri isanathe."

Minibasi itayamba kukwera zitunda za ku Dowa, a Lenia anamugwira dzanja. "Akuti bwanji, mwanawe?"

Talandira anayang'ana milomo yawo youma. Anakumbukira mmene ankasanzira akalandira mankhwala aja.

"Akuti chikuchepa, amayi."

Silinali bodza lathunthu, n'chifukwa chake linatuluka mosavuta chonchi.

Lachinayi a Lenia anaimirira pa Mvano ku Chezi n'kuthokoza Mulungu. Amayi anzawo anaimba nthungululu, mpaka a Margareta, omwe sachedwa kugwetsa misozi ngakhale paukwati, analira momveka. Ndani akanatsegula pakamwa pambuyo pa zimenezo? Talandira ankangoti ndiwauza mawa. Mawa lakelo silinafike: chimanga chinakololedwa, chinatongoledwa, milungu isanu ndi inayi n'kudutsa.

Tsiku lina a Lenia analephera kukweza mkono kuti amange duku. Anabwerera ku Lilongwe.

Atawajambulanso, dokotala anaitana Talandira yekha. Mtsikanayo anaima pakhomo, kenako anabwerera kukawadzutsa mayi ake pabenchi, n'kulowa nawo.

"Adokotala, nenani amve okha," anatero Talandira. "Amayi, tsiku lija anandiuza kuti tibwere msanga. Ndinakubisirani. Ndinkaopa kukuonani mukuvutikanso."

A Lenia anayang'ana pakompyuta. Malo owala aja tsopano anali atatu, ena kukhwapa. Dokotala anafotokoza pang'onopang'ono kuti mankhwala atsopanowo awayesa ndithu, koma sangalonjeze zimene akanalonjeza poyamba.

"Ndiye milungu ija inali yofunika," anatero a Lenia motsitsa.

"Inali yofunika, mayi."

Talandira analira ngati kamwana. Ankafuna amukalipire, mwina zikanapepuka. Koma mayi ake anangomupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Kusanza ndikanapirira, Talandira," anatero. "Ndimafuna ndidzakuone ukulemba Fomu 4."

Kenako anapinda malaya pamkono womwe unali bwino, n'kuuza dokotala kuti ayambe lero lomwe.