Kalamba ka Kaputeni

Chikoti adakulira pa Nsaru, ndipo umphawi wake sunkafuna woufotokozera. M'mawa ankasoka fodya m'zigafa za eni ake, madzulo n'kupita kukasewera mpira. Nsapato za mpira analibe, moti mnzake Tomasi ankam'bwereka yakumanzere, iye n'kutsala ndi yakumanja. Tomasiyo ndiye anali kaputeni wa timu ya pamudzi, ndipo mpira unkamumvera ngati galu wake. Itamveka mbiri yoti akuluakulu a timu ina ya mumzinda akubwera kudzamuonera pa masewero otsiriza a chikho, Chikoti adaseka naye limodzi, koma mumtima kaduka kankamudya.

Tsiku lina masana adapalasa njinga yobwereka mpaka ku Kabudula, kwa nkhalamba ina yodziwa zitsamba. Adaipeza ikutong'ola mtedza pakhonde.

"Agogo, ndatopa n'kusauka. Ndikufuna mpira undidyetse."

"Miyendo yako ndaiona, mwana wanga, ndi yolimira," idatero nkhalambayo osadzutsa mutu. "Ya mpira uyenera kubwereka kwa anzako. Koma ine zobwereka sindibweza."

Idalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kalamba kofiira, konga kamene kaputeni amavala pamkono.

"Timu yokhala ndi kalambaka siluza chikho. Koma wenzulo yotsiriza ikamalira, amene wakavala miyendo yake ndi yanga."

"Nanga wina aliyense akapanda kuvala?"

"Ndiye nditenga yako. Ukadzamva chisoni, ungokavula pamkono pa mnzakoyo wenzulo isanalire. Njira ndi yotsekula, eti?"

Chikoti adapereka kalambako kwa Tomasi ngati mphatso, ndipo Tomasi adam'kumbatira. Tsiku la chikho Chikoti adamwetsa zigoli zomwe ngakhale mwini wake sadazimvetse. Tomasi adanyamula chikho, koma podzuka m'mawa mwake miyendo inali lende. Kuchipatala sadapeze nthenda. Galimoto ya timu ya mumzinda idanyamula Chikoti, kalamba kali m'thumba.

Kumzinda adatchuka, namanga nyumba ya malata, nakwatira Tisiyenji. Ukaputeni ankaukana nthawi zonse, ndipo anthu ankamutama kuti ndi wodzichepetsa. Makaputeni awiri a timuyo adathera pa njinga za olumala, anthu n'kumati ndi minyama chabe.

Zaka zitapita adasiya kusewera. Mkulu wina wa malole pa Msundwe adayambitsa timu n'kumulemba ukochi, ndipo apa ndiye padamukomera, chifukwa tsopano kaputeni ankasankha yekha. Ankasankha mwana wamasiye kapena wochokera kutali, wopanda abale odzafunsa mafunso. Ankamumanga kalambako ndi manja ake, akumusisita paphewa n'kumati, "Iwe ndiwe mwana wanga." Zikho zidadzaza pabalaza pake. Akamadutsa pa Nsaru pa galimoto, ankaona Tomasi akusoka nsapato pansi pa mtengo, ndipo ankangokweza galasi.

Chikoti anali ndi mwana mmodzi yekha, Chiyembekezo. Ameneyu adamuletsa mpira kuyambira ali wamng'ono, mpaka kumukwapula akam'peza ndi mpira wa mapepala. Koma mnyamatayo ankazemba, ndipo atakula adaposa onse a m'deralo. Mwini timu atamuona adamulemba yekha osafunsa bambo ake. Chikoti adangomuika pa benchi chaka chonse.

"Kodi mwanayu adakulakwirani chiyani, abambo ake a Chiyembekezo?" Tisiyenji adafunsa tsiku lina. "Ana a eni mumawakweza, wanu yemwe mukum'pondereza."

"Za mpira zisiyeni, mayi. Simuzidziwa."

Masewero otsiriza a chaka chimenecho adachitikira pa Namitete, dzuwa likuswa mtengo. Kalamba kanali pamkono pa Noel, mnyamata wamasiye wa ku Nambuma. Pofika chigawo chachiwiri zigoli kunalibe, ndipo anthu adayamba kuimba dzina la Chiyembekezo. Mwini timu adatsika pa mpando wake n'kufika pa benchi.

"A kochi, lowetsani mwanayo. Apo ayi, mawa musabwere ku ntchito."

Chikoti adaganiza kuti palibe choopsa, popeza kalamba kanali ndi mwini wake kale. Adamulowetsa, ndipo pasanapite nthawi Chiyembekezo adamwetsa chigoli cha mutu. Bwalo lonse lidagwedezeka.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, Noel adawombana mutu ndi wotchinga kumbuyo wa timu inayo, nagwa magazi ali chuchuchu. Oyimbira adalamula kuti atuluke. Tsono mwambo wa mpira ndi wakuti kaputeni akamatuluka amasiyira kalamba mnzake wotsala m'bwalo. Noel, ali pa machira, adakodola Chiyembekezo n'kumumanga kalambako pamkono. Ankafuna kulemekeza kochi amene ankamutcha mwana wake.

Chikoti adaona zonse. Mwana wake anali chapafupi pomwepo, kuti akadathamanga akadamufikira n'kukathothola kalambako. Mawu a nkhalamba ija adamveka m'mutu mwake, akuti njira ndi yotsekula. Adaponda mzere wa bwalo ndi phazi limodzi, kenaka adayang'ana miyendo yake, yonenepa bwino m'thalauza lodula. Adabweza phazi lija. Adadziuza kuti mwina mankhwala sagwira magazi a mwini wake, mwinanso nkhalambayo idafa kale. Ali mkati moganiza choncho, wenzulo idalira.

Chiyembekezo adathamanga ndi chikho kudzam'patsa bambo ake, akuseka. Kumeneko kunali kuthamanga kwake komaliza.

M'mawa mwake Tisiyenji adamva mwana akuitana kuchipinda kuti miyendo sakuimva. Chikoti adathamangira ku Kabudula, napeza nkhalamba ija ili moyo, ikutong'olabe mtedza.

"Agogo, tengani yanga, mum'bwezere mwanayo."

"Dzulo ndimaidikira yakoyo, sunabwere nayo," idayankha. "Lero msika watha."

Atabwerera kunyumba adaulula zonse akulira. Tisiyenji adabereka mwana wake wamkuluyo kumsana ngati khanda, nakwera naye minibasi ya kwao. Chiyembekezo sadatchulenso dzina la bambo ake.

Chikoti mutu udasokonekera chaka chisanathe. Mpaka lero amazungulira bwalo la pa Nsaru chothamanga, kalamba kofiira kali pamkono, akukuwira oyimbira osaoneka kuti aimitse mpira. Miyendo yake ndi yamphamvu ndithu, satopa. Tomasi amamuyang'ana ali pansi pa mtengo wake uja, n'kupitiriza kusoka nsapato.

Dyera ndi loipa, abale. Chuma cha mankhwala chimayamba ndi kudya ana a eni, koma chimatsirizira pakhomo pako. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Chikoti adazimvetsa wenzulo italira kale.