Netiweki ya kwa Ellen

Filomena ananyamuka m'tauni mochedwa, maminibasi a ku Chemusa atatha kale. Sikuti anachedwa ndi ntchito ayi. Anachedwa ndi kuima pageti pa ofesi ya eni, mwana ali kumbuyo, kudikirira kuti amugwire bodza mwamuna wake Kingsley.

Kingsley anali mmisiri woika intaneti yopanda waya m'mashopu, m'maloji ndi m'maofesi. Iye ankati ntchito yakeyo imakoma eni ake ataweruka, chifukwa masana ukangozimitsa netiweki pang'ono, abwana amakukalipira ngati wawabera. Poyamba Filomena ankakhulupirira. Koma munthu kumafika anthu atagona, n'kukhala duu pakhonde, maso ali kutali, ukamufunsa n'kumati watopa? Kutopa kwanji kochititsa munthu kumwetulira yekha? Ndiye tsiku limenelo Filomena analongedza zovala zake ndi za mwana wake Gabu m'chikwama, n'kuchikankhira kunsi kwa bedi. Mumtima anati akangopeza umboni, m'mawa akwera basi ya kwawo ku Nsanje.

"Mayi, a netiweki aja anapita kalekale, dzuwa likulowa," anatero mlonda wa pamalopo, a Laurenti, atamuona kuti sakusuntha.

"Anali okha?"

"Okha ndi makwerero awo. Koma inutu mayi, ndi mwanayo usiku uno, mwaganiza bwanji?"

Dzuwa likulowa! Nanga panopa ali kuti? Akudya m'mbale ya yani? Filomena anamanga nsalu yoberekera mwamphamvu mpaka Gabu anang'ung'udza m'tulo, n'kuuyamba wapansi.

Anadutsa mlatho, n'kuyamba kukwera cha ku Mbayani. Magetsi anali atathima dera lonse. Mzikiti unali zii, mabenchi a amalonda ali chadodolido m'mbali mwa msewu. Pofuna kudula mtunda, anakhotera m'kanjira kodzera kuseri kwa mashopu akale. M'mutu mwake ankangomujambula mkazi womulanda mwamunayo: woyera, wa mawigi odula, wosadziwa kuchapa matewera.

Foni imene anaibisa pachifuwa inali yakale ya Kingsley, imene anamusiyira atagula yatsopano. Tsiku lomupatsalo Kingsley anakhala pamkeka n'kumadinadina nthawi yaitali.

"Mukufufuta mameseji a akazi anu?" anamufunsa Filomena.

"Ndikufufuta manetiweki a makasitomala," anaseka Kingsley. "Ndikaika kabokosi ka intaneti pamalo, ndimayenda ndi foniyi chipinda ndi chipinda kuona pomwe mphamvu yake ikuthera. Ukakhala pafupi, timizere iti timadzaza; ukamatalikira, timachepa. Ndiye foni imasunga pasiwedi, tsiku lina ukangodutsa imalowa yokha. Si bwino mmisiri kusunga makiyi a nyumba za eni. Ndachotsa onse, Filo. Onse."

Filomena anali wosaiwala mawu a mwamuna wake. Ankawasunga ngati singano, kuti tsiku lina adzamubaye nawo.

Ali pakati pa kanjirako, foni inanjenjemera pachifuwa.

Anaima. Bandulo inali itamuthera kale, moti tsiku lonse foniyo inali chete. Inanjenjemeranso. Kenako mameseji anayamba kulowa motsatizana, a gulu la kwaya, a mlamu wake, ena a Kingsley yemweyo: Uli kuti ndi mwana? Filomena anayang'ana pamwamba pa sikirini. Timizere tonse tinali todzaza. Anadina kuti aone dzina la netiwekiyo.

KwaEllen.

Foni inali italowa yokha.

Magazi anamuthamangira kumutu. Onse, eti? Ndachotsa onse! Kusiya wa Ellen yekha! Anatembenuka kufuna nyumbayo. Patsogolo pake panali kashopu kakale, mawindo ake okhomedwa ndi malata. Chikwangwani chinali chitasuluka, koma ndi kuwala kwa foni anawerenga mawu oti intaneti ndi fotokope. Padenga panali chitsulo cha antena chopindika. Udzu unali utamera mpaka pachitseko.

Koma pamng'alu wa chitsekocho panali kagetsi kobiriwira. Phethi... phethi... phethi...

Dera lonse mulibe magetsi. Maganizo amenewo anamufikira ndithu, koma nsanje inawakankhira kumbali. Anapondaponda udzuwo n'kumenya chitseko ndi chibakera.

"Odi! Bambo a Gabu, tulukani! Ndakupezani lero!"

Zii.

"Mwabwera ndi foni yake. Mwini wake ali kuti?"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwake.

Filomena anatembenuka. Panali mtsikana wamtali, woonda, atavala diresi la fashoni yomwe inatha kale. Anali wokongola. Chimenecho ndicho chinayamba kumupweteka Filomena, kukongolako. Sanamve mapazi ake akubwera, ngakhale kuti udzu unali wouma.

"Ndinu ndani inu? Mwamuna wanga mukumudziwa bwanji?"

"Mwamuna wanu..." Mtsikanayo anawanena mawuwo pang'onopang'ono ngati akuwalawa. "Mukamuuze kuti anyamata a kuseriku akungolowa mwaulere. Makasitomala akudandaula kuti ikuchedwa. Anati abwera mawa kudzasintha pasiwedi."

"Abwera mawa? Kuno? Mulibe manyazi, asisi? Munthuyo ali ndi banja!"

"Mawa," anabwereza mtsikanayo. "Ndikudikirabe."

Mphepo inaleka. Agalu amene ankauwa kumtunda anangoti chete onse nthawi imodzi. Kumbuyo Gabu anadzuka. Sanalire. Anangouma thupi lonse, timanja take titagwira bulauzi ya amake.

Mtsikanayo anapendeketsa mutu, maso ali pa mwanayo.

"Chipumi chake chenicheni. Ndi makutu omwe." Anasendera. "Akanakhala wanga ameneyu. Bwerani naye kuno ndimunyamuleko."

Anatambasula dzanja. Linangokhudza nsonga ya nsalu, koma kuzizira kwake kunadutsa nsaluyo, kunadutsa bulauzi, kukafika pafupa la msana. Filomena anadzutsa foni kuti amuunike kumaso. Kuwala kunagwera pakhoma la kuseri kwake. Khoma lonse linaoneka, njerwa iliyonse.

Chithunzithunzi panalibe!

"Mayo ine!"

Anathamanga. Patapata mmodzi anatsala mu udzu. Sanabwerere. Dzanja limodzi linagwira mwana kumbuyo, lina foni. Minga. Miyala. Ngalande. Anatulukira pamsewu waukulu akupuma ngati mbuzi yothawa mpeni.

Anasuzumira pa sikirini. Timizere todzaza.

Ukamatalikira timachepa, anatero Kingsley. Anathamanganso. Anadutsa mashopu. Anadutsa pokwerera basi. Anayang'ananso.

Todzaza...

Ndiye kuti chinthu chija sichikutsala. Chili pompano. Chili kumbuyo.

Sanacheuke. Anayamba pemphero la Tikuoneni Maria, mawu n'kumasokonekera, n'kuyambiranso. Pakhosi pake pankawomba kamphepo kozizira, pomwe panali mutu wa Gabu.

"Ndimunyamuleko..."

"Ndi wanga! Ndinabereka ndekha!"

Kutsogolo kunaoneka moto. Anali anyamata a chiwaya cha tchipisi kumayambiriro kwa Chemusa, akuzimitsa nkhuni zawo. Filomena anawadutsa ngati mphepo, iwo n'kutsala akukuwa kuti, "Amayi, kwagwanji?" Apo m'pamene timizere tinayamba kugwa. Tiwiri. Kamodzi. Kenako mbee.

Anafika kunyumba phazi likutuluka magazi. Kingsley anali pakhomo ndi tochi, nsapato zili kuphazi, akufuna kukamusaka. M'nyumba kandulo inkayaka, ndipo chikwama chija chinali pabedi, chotsekula. Anali atachipeza.

"Filo, wapenga? Ndinaitanidwa ku loji ya ku Chinyonga, kabokosi kawo kanapsa. Ndafika kuno ndapeza m'nyumba mulibe munthu, zovala zili m'chikwama. N'chiyani chimenechi?"

Filomena anakhoma chitseko, n'kutsekanso ndi mpando. Anamasula Gabu, anamugwira mutu, manja, miyendo, kuona ngati zonse zilipo. Kenako anamuyang'ana mwamuna wake. 

"Ellen ndi ndani?"

Tochi inagwa m'manja mwa Kingsley.

"Dzina limenelo walimva kuti?"

"Ndamuona ndi maso angawa. Ku Mbayani, pashopu ya malata m'mawindo. Foni yanuyi yalowa yokha. Akuti mukasinthe pasiwedi, anyamata akumubera netiweki. Akuti munati mubwera mawa."

Kingsley anakhala pansi, osati pampando, pansi penipeni pasimenti. Milomo yake inayera.

"Ellen anali woti ndimukwatire. Chinkhoswe chinali chitachitika kale. Shopu ija inali yake, ndipo netiweki imeneyo inali ntchito yanga yoyamba." Anayang'ana kandulo. "Galimoto inamugunda pamsewu womwewo akuweruka. Tinakamuika kwawo ku Chikwawa. Papita zaka, Filo. Iwe unali usanabwere n'komwe ku Blantyre. Kabokosi ndinakachotsa ndekha, ndinakagulitsa. Magetsi anadula chaka chomwecho. M'nyumba muja mulibe ngakhale waya mmodzi."

Kandulo inagwedera. Filomena anamufungatira Gabu pachifuwa. Mwezi wonse ankakonzekera mkazi wamoyo, woti akhoza kumukoka wigi, kumutukwana pamsika, kukamunenera kwa ankhoswe. Nanga uyu akamunenera kwa yani?

"Munati munafufuta onse," anatero motsitsa mawu.

Kingsley anawerama, maso ali pasimenti.

"Ndiye mukamakhala pakhonde paja n'kumamwetulira nokha..."



Filomena anamuponyera foni pamiyendo. "Fufutani. Pompano, ine ndikuona. Apo ayi, chikwama ndi icho, kukacha simutipeza."

Kingsley anaitola. Anatsekula pamene pamakhala manetiweki osungidwa. Linalipo limodzi lokha, dzina lija. Chala chake chinapita pamwamba pake, n'kuima m'malere. Ntchito yoti amaichita tsiku ndi tsiku osaganiza n'komwe. 

"Dinani, bambo a Gabu."

Kunja agalu analeka kuuwa.

Foni inanjenjemera m'manja mwake. Kamzere kamodzi kanayaka. Kenako kachiwiri. Kachitatu...

Filomena sanayang'ane kuchitseko. Anayang'ana nkhope ya mwamuna wake, kufuna kuonapo mantha ngati ake. Sanawapeze. Kingsley anali atadzutsa mutu, akumvetsera panja, maso ake akuwala ngati a munthu amene wamva mapazi omwe wakhala akuwadikira.