Ukwati wa Papepala

Mtsikanayu anthu ankangomutchula kuti Musaseke, chifukwa ndiwo mawu amene ankauza aliyense wokhala pampando mu situdiyo. Chithunzi cha pasipoti sichifuna mano panja. Ndipo chaka chimenecho ankajambula zomwezo basi. Mvula inkangonyenga, minda inali itatopa, ntchito kunalibe, choncho wachinyamata aliyense maso anali kunja kwa dziko.

Lolemba lina kunalowa mnyamata wamtali, manja ali girisi yekhayekha, ataperekeza mng'ono wake. Anali wokonza mijigo.

"Nanunso mujambulitsa?" anafunsa Musaseke.

"Ine? Ndikachoka, agogo onse atsala m'midzi muno amwa chiyani? Komanso ndaona chondisunga kuno."

"Chiyani?"

"Chaima kuseri kwa kamerako."

Musaseke anaseka mpaka chithunzi cha mng'onoyo chinatuluka chopendekeka!

Kuyambira pamenepo foni yake sinkapuma. "Wadzuka bwanji, duwa langa? Lero ndili kumudzi wina, nyumba khumi zonse n'zokhoma, udzu wafika pazenera. Koma ine ndi iwe tidzayatsa moto pathu." Tsiku lina analemba kuti, "Ngakhale onse atapita n'kutsala awiri, ine ndidzakhala wachiwiri wako."

Ndani sakanakhulupirira? Alongo ake a Musaseke onse atatu anali atapita, mayi ake ankangokhalira kuyang'ana foni. Kupeza mwamuna wofuna kukhala kunali ngati kutola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, mayi ake anadwala. Kuchipatala chaching'ono cha pafupi anapeza benchi yodzaza koma namwino palibe.

"Akulongedza," anatero mlonda. "Apeza ntchito kunja."

Musaseke anapita nawo mayi akewo kuchipatala chakutali, ndipo anakhalako masiku anayi. Atabwerera kuntchito, abwana ake, mwini situdiyo, anamulozera kompyuta.

"Mwana wanga, ndajambulako anthu angapo iwe kulibe. Usindikize, eni ake abwera lero."

Anatsegula. Chithunzi choyamba chinali cha namwino uja. Chachiwiri...

Wokonza mijigo! Atameta bwino, atavala jekete, nkhope ili gwaa ngati aja onse opita.

"Abwana, awa anabwera ndi ndani?"

"Ndi akazi awo, anamwino aja. Akuti kumene akupitako amalola kutenga mwamuna. Amafunanso zithunzi za awiri zosonyeza kuti ndi banjadi. Bwanji, ukuwadziwa?"

Akazi awo? Si dzulo lomweli anamulembera kuti, "Mayi athu ali bwanji, mtima wanga?"

Anatsegula zina zonse. Anaziyang'ana chimodzichimodzi, kenaka anasindikiza, misozi ikugwera patebulo.

Masana chitseko chinatseguka. Mnyamata uja atamuona anaima ngati waponda minga.

"Wa... wabwerako kale? Unati Loweruka."

"Mwabwera kudzatenga zithunzi zanu, bambo?"

"Bambo? Duwa langa, usandiyankhule choncho. Ndimvere kaye."

"Ndikumva."

"Ndimafuna kukuuza. Taona wekha, mijigo ndikonzera ndani? Midzi yatha! Mwezi wathunthu ndaitanidwa kawiri kokha. Mng'ono wanga wamangira kale mayi nyumba, ine mkulu wake ndikadali ndi sipanala m'manja. Anthu akundiseka!"

"Ndiye wakwatira."

"Ndi ukwati wa papepala chabe! Iye akungondithandiza kuti ndiwoloke. Zaka ziwiri zokha, tikasiyana, ndidzabwera kudzakutenga. Ndikulumbira, pakati pa ine ndi iye palibe chilichonse!"

"Palibe chilichonse?"

"Olo kugwirana dzanja!"

Abwana anali atasiya kupukuta kamera, kukamwa kuli yasa.

Musaseke anatsegula envulopu pang'onopang'ono. Anatulutsa chithunzi chachikulu n'kuchiika patebulo. Namwino anali ataima cham'mbali, diresi litakoka kutsogolo, ndipo dzanja la mnyamatayo linali pamimba pake, mwachikondi, mosakakamizidwa.

"Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana anthu," anatero Musaseke. "Iyi ndi ya miyezi isanu. Tandiuza, kodi pepala limapereka mimba?"

Miyezi isanu! Ndiye kuti mauthenga ambiri aja mnyamatayo ankawalemba akuchokera kwa namwino.

"Tenga," anatero Musaseke, akumukankhira envulopuyo. "Zatuluka bwino. Palibe amene akakayike kuti mumakondana."

Iye anatola zithunzizo n'kutuluka mwamanyazi, osatseka n'chitseko chomwe.

"Pita kunyumba ukapume, mwana wanga," anatero abwana mwachifundo.

Musaseke anasuzumira panja. Pabenchi panali atsikana awiri ndi bambo wina wa imvi, mafomu ali m'manja. Anapukuta maso ndi nsonga ya bulauzi.

"Ndikapuma ndani awajambule? Wotsatira alowe!"