Diresi la Tithokoze ndi Ovolosi ya Ababa

Tithokoze anali ndi diresi loyera. Linali loyera mbee! Ankafuna kulivala Lamlungu. Tsikulo ankayenera kuvina pa Misa ndi anzake. Ovina onse amavala zoyera. Wopanda zoyera savina. Amangokhala pa benchi n'kumaonerera.

Koma diresilo linali ndi kadothi m'munsi. Linkafunika kuchapa.

Loweruka m'mawa amayi anapita ku Bangula. Anapita kukaona odwala. Pakhomo panatsala Tithokoze ndi abambo ake, a Lorenso.

A Lorenso amayendetsa thirakitala m'munda wa nzimbe. Nzimbe amaziotcha asanadule. Ndiye ovolosi yawo imada bii ndi mwaye.

Pakhonde panali makina ochapira zovala. Anali atangowagula kumene. A Lorenso anali asanachapepo ngakhale sokisi imodzi. Koma tsiku limenelo, eee, ukatswiri wake!

"Lero ndichapa ndine," anatero a Lorenso.

Anathira madzi m'makina. Anathira sopo waufa. Anaponyamo ovolosi. Anaponyamo masokisi. Anaponyamo matawulo. Kenako anatenga diresi loyera.

"Ababa, dikirani!" anakuwa Tithokoze. "Kumjigo amayi amayamba asankha. Zoyera pazokha. Zakuda pazokha."

A Lorenso anaseka.

"Zimenezo n'zakumjigo, mwanawe. Awa ndi makina. Makina amadziwa okha."

"Makina alibe maso, Ababa!"

"Pita ukasewere."

Diresi linalowa. Chivundikiro chinatsekedwa. Makina anayamba kulira. Gudu, gudu, gudu! Madzi anada. Thovu nalo linada.

Makina ataima, a Lorenso anapisa dzanja. Anatulutsa ovolosi. Anatulutsa masokisi. Anatulutsa kansalu kotuwa ngati phulusa.

"Kachigamba aka n'kayani?" anafunsa.

Sikanali kachigamba. Linali diresi la Tithokoze!

Tithokoze anakwiya. Anakwiya kwambiri. Anaponda pansi ndi mwendo. Misozi inatsika mbwe mbwe mbwe. Ndipo ndani sangakwiye? Munthu wanena. Wanenanso kachiwiri. Koma akuluakulu ena, makutu gwa!

"Ndinakuuzani, Ababa! Ndinakuuzani ine!"

"Likauma liyera," anatero a Lorenso.

"Nkhabe! Siliyera! Mawa anzanga avina. Ine ndikhala pa benchi. Chifukwa cha ovolosi yanu!"

A Lorenso anayang'ana diresi. Anayang'ana mwana wawo. Kuseka konse kunatha. Anakhala pansi pakhonde.

"Ndalakwa, mwanangu. Sindinamvere. Tsopano titani?"

Tithokoze anatembenuka. Mtima unali ukuwawabe. Anapita kuseri kwa nyumba. Anakhala pansi pa mtengo wa nimu. Anaganiza. Amayi akanatani?

Kenako anapukuta misozi. Anabwerera pakhonde.

"Tayani madzi onsewo, Ababa."

A Lorenso anataya madzi.

"Tsukani m'makinamo."

A Lorenso anatsuka.

"Tsopano tisankhe."

Anapanga milu itatu. Mulu wa zoyera. Mulu wa zamitundu. Mulu wa zakuda. Chitenje chatsopano cha amayi anachiika padera. Chitenje chatsopano chimatulutsa utoto.

"Nanga ovolosi?" anafunsa a Lorenso.

"Imeneyo ikhale uko! Kutali! Ilowa pomalizira. Ilowa yokha."

Tithokoze anatenga beseni. Anaviika diresi m'madzi oyera. Analipaka sopo mbali zonse. Sanalitsukuluze. Analiyala padzuwa ndi sopo yemweyo. Amayi amatero zovala zikatuwa.

Dzuwa linali phwee! Nkhuku zinali yasa kukamwa. Tithokoze anakhala pambali. Diresi likayamba kuuma, ankaliwaza madzi. Mbuzi ikayandikira, ankaithamangitsa. A Lorenso anamubweretsera nthochi. Analandira, koma sanaseke.

Masana diresi linalowanso m'makina. Linalowa ndi zoyera zokhazokha.

"Pisani m'matumba kaye," anatero Tithokoze.

A Lorenso anapisa m'thumba la malaya awo. Munali cholembera! Anachitulutsa msangamsanga.

"Ndiwonjezere tawulo ili?"

"Ayi, Ababa. Musadzaze. Zovala zizizungulira bwino."

Gudu, gudu, gudu! Thovu linali loyera. Anatsukuluza kamodzi. Anatsukuluza kawiri. Anayanika pachingwe.

Diresi linauma. Tithokoze analiyang'ana kutsogolo. Analiyang'ana kumbuyo. Analiyang'ana m'khosi. Linali loyera mbee!

"Takhuta, zikomo kwambiri, aphunzitsi," anatero a Lorenso.

Apo ndiye Tithokoze anaseka.

Lamlungu ng'oma zinalira kutchalitchi. Tithokoze anavina pamzere woyamba. Amayi anali atabwera. Analulutira mokweza.

Misa itatha, anthu anaima pamthunzi. Mayi wina anagwira diresi la Tithokoze.

"Koma kuyera kwake! Wachapa ndani?"

A Lorenso anatukumula chifuwa.

"Ndachapa ndine!"

Tithokoze anawakoka dzanja.

"Nenani zonse, Ababa."

A Lorenso anakanda m'mutu. Amayi anawayang'ana.

"Ndachapa kawiri," anatero motsitsa mawu. "Koyamba sindinamvere. Kachiwiri ndinamvera mwana."

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Lorenso ananyamula Tithokoze paphewa. Koma anayamba apukuta manja awo kuti diresi lisadenso.