Pa F3 Panalembedwa SUNGA

Pobwera kokamwa madzi anapeza mwamuna wachilendo atakhala pampando wake, miyendo atatambasula ngati ali pakhomo pa amake, zala zikuvina pa kiyibodi.

"Pepani, mpandowo uli ndi mwini wake."

"Mwini wakeyo adikire," anayankha mwamunayo osatembenuka n'komwe.

Mwano wanji umenewu! Mtsikanayo anali atangotha milungu itatu pa depoti yotumiza katunduyo, ndipo aliyense ankangomutcha Watsopano. Kunyozedwa ndi akale anali atakuzolowera. Koma mlendo nayenso?

"Ngati kwanu simunaphunzire kupempha, dzukani ndikuphunzitseni."

Apo ndiye mwamunayo anatembenuka. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumwetulira kumwetulira kwa munthu amene amadziwa kuti mano ake ndi oyera.

"Ndine wa makompyuta. Kuno amanditcha Injiniya. Mukandithamangitsa, makina anuwa afa."

"Afe. Anakalamba kale."

Zokalambazo sananame. Makina a pa depotipo anali sikirini yakuda ya zilembo zobiriwira ndi kiyibodi basi, opanda mausi, opanda chithunzi. Pansi penipeni pa sikirini panandandalikana timabokosi tisanu ndi titatu, kalikonse kakunena ntchito ya batani limodzi la mzere wa pamwamba pa kiyibodi, kuyambira F1 mpaka F8. Akalaliki akale sankatiyang'ana n'komwe timabokosito, zala zawo zinkadziwa njira. Watsopano yekha ndiye ankawerenga asanadine, ndipo ankamuseka nazo.

Injiniya anadzuka, nawerama monyogodola ngati akupereka mpando kwa mfumukazi. Mtsikanayo atakhala anaona kuti m'kabokosi ka F8, kamene masiku onse kankakhala kopanda kanthu, munali mutalembedwa mawu: PEPANI.

Anayesetsa kulimbitsa nkhope koma kuseka kunamupulumuka. Kalanga ine, akanadziwa!

Pasanathe mwezi, "inu" anasanduka "iwe". Injiniya anayamba kupeza zovuta m'makina amene analibe vuto, bola akhale a pa kauntala yachitatu, ya mtsikanayo. Tsiku lina m'kabokosi muja munalembedwa WANGA, tsiku lina DUWA.

"Bwanji sulemba mawu enieniwo?" anamufunsa mtsikanayo akudyera limodzi masana pa benchi ya kuseri.

"Sakwana, mami. Kabokosi kamalowa zilembo zisanu ndi zitatu zokha. Chikondi changa chili ndi zilembo khumi ndi ziwiri."

"Ndiye ndikadina F8 chichitike n'chiyani?"

"Palibe. Mawu a m'kabokosi ndi chikwangwani chabe, ndimawalemba mu fayilo yakeyake. Ntchito ya batani ili kwina, m'kati mwa pulogalamu. Ndikhoza kulemba UKWATI pa batani lililonse, koma kudinako sikungakupatse mwamuna."

Mtsikanayo anamumenya paphewa, onse n'kuseka. M'basi popita kuntchito foni ya mtsikanayo inkangolira ndi mauthenga a Injiniya. "Wadzuka bwanji, mtima wanga? Iwe ndiwe wekha amene umawerenga zimene ndimalemba. Ena onsewo ndi akhungu." Uthenga wina unati: "Chaka chino sichitha ndisanaonekere kwanu. Ndalumbira."

Ndani sakanakhulupirira?

Amene sanasangalale anali Akapitawo, mayi wa magalasi a chingwe amene ankayang'anira akalaliki onse. Zinkamveka kuti mpando wa kauntala yachitatu ankaufunira mwana wa mng'ono wawo.

"Iwe, kuno ndi kuntchito, si kokasaka banja," ankatero anthu onse akumva. "Tsiku lina udzadina mtima m'malo mwa batani."

Tsikulo linafika Lolemba lina m'mawa. Lole yaikulu inali itapakiridwa kale, maphukusi mazana awiri ndi khumi ndi anayi, lililonse ndi dzina la mwini wake ndi kumene likupita. Kunangotsala kutseka mndandanda kuti dalaivala anyamuke. Ntchito imeneyi inali ndi tsamba lakelake m'pulogalamu, ndipo Watsopano anali asanalitsegulepo.

"Lero utseke ndiwe," anatero Akapitawo. "Si paja umadziwa kuwerenga?"

Anawerengadi. Pa F3 panalembedwa SUNGA. Anadina. Makina anafunsa kuti, "Mukutsimikiza?" osanena kuti kutsimikiza chiyani. Anavomera.

Sikirini inayera mbee! Mayina onse, manambala onse, zonse zinapita.

"Wachita chiyani iwe?" Akapitawo anakuwa mpaka makasitomala a pa mzere anatembenuka. "F3 ndi yofufutira! Ngakhale mlonda wa pageti akudziwa!"

"Amayi, panalembedwa SUNGA. Ndinawerenga."

"Choka apo! Ndati choka!"

Anamukankhira kumbali, n'kuzimitsa makinawo ndi kuyatsanso kuti mwina mndandanda ubwerera. Sunabwerere. Dalaivala analowa akutukwana. Onyamula katundu anatsitsa lole yonse padzuwa, phukusi limodzilimodzi, akuponyera mtsikanayo maso akupha. Mayi wina amene ankatumiza mankhwala kwa mwana wake wodwala anamuloza chala pamphuno. Lole inagona pa depoti.

Abwana anaitana Injiniya. Anafika anthu atapita kokadya, nakhala yekha mu ofesi ya kompyuta yaikulu, kenako anayatsanso makina a m'makauntala onse. Atasonkhana, anatsegula tsamba lija pamaso pa abwana, Akapitawo ndi Watsopano.

Pa F3 panalembedwa FUFUTA. SUNGA inali pa F4.

"Pulogalamu ilibe vuto, bwana," anatero mofatsa, osamuyang'ana mtsikanayo. "Mwina maso anangolumpha. Zimachitika."

"Maso akhala bwanji osalumpha pamene mutu uli ku zibwenzi?" anaonjezera Akapitawo.

Abwana sanachulutse mawu. "Lachisanu tikhala pansi tione ngati mukupitiriza nafe ntchito. Pakadali pano mukamate mapepala pa maphukusi kuseri. Makina musakhudzenso."

Masiku otsatirawo anali owawa. Ntchito imeneyi anaifunafuna zaka ziwiri, ndipo amake kunyumba anali atauza mpingo wonse kuti mwana wawo ali pa ofesi. Koma chimene chinkamudya kwambiri chinali china. Kodi maso ake omwe angamunamize? Kodi wayamba misala? Ankatsinzina n'kuona SUNGA wobiriwira pa kabokosi kachitatu, kenako n'kudzikayikiranso.

Injiniya ndiye anasanduka uchi weniweni. "Usalire, duwa langa. Aliyense amalakwitsa." Kenako: "Akakuchotsa ndikusamala ndine. Mkazi wanga savutika." Lachitatu anamubweretsera kalata yolemba kale bwinobwino, yovomera kulakwa ndi kupempha chifundo.

"Ungosaina. Abwana amakonda munthu wodzichepetsa."

"Koma ndinaona ndi maso angawa..."

"Mami, ukufuna kunena kuti ine ndikunama?"

"Ayi."

"Ndiye saina."

Anasaina, misozi ikudonthera papepala. Anamuthokozanso, tangoganizani!

Lachinayi masana anali yekha m'chipinda chakuseri, fani yakale ikulira pakona, manja ali gwaa ndi guluu. Posuntha makatoni amene anaunjikidwa patebulo tsiku la chipwirikiti lija, anaona kuwala kobiriwira. Anali makina amene onyamula katundu ankaonerapo mndandanda wa lole. Kuyambira Lolemba m'mawa palibe amene anawakhudza, popeza onse anabwerera ku mapepala, ndipo palibe amene anawazimitsa. Anali akadali pa tsamba lomwe lija.

Anayang'ana pansi pa sikirini. Anapukuta fumbi ndi chigongono, nayang'ananso.

F3, SUNGA.

Sanapenge! Maso ake anali bwinobwino! Ndipo chifukwa munthu ukasangalala umathamangira kwa amene umamukonda, anaimbira Injiniya.

"Ndapeza! Makina a kuseri akuonetsa SUNGA pa F3! Sindinalakwitse!"

Injiniya anatsitsa mawu.

"Wauza ndani?"

"Palibe. Ndayambira iwe."

"Wachita bwino, mtima wanga. Usauze munthu, usakhudze chilichonse. Ndikubwera."

Munthu amene makina akafa ankafika mawa lake, tsiku limenelo anafika pasanathe mphindi makumi awiri, malaya atanyowa ndi thukuta. Anayang'ana sikirini, namupsompsona pamphumi.

"Zodabwitsa zedi. Makina akalewa amagwira mawu a m'timabokosi mpaka wina awazimitse. Thamanga ukaitane abwana adzaone okha. Ine ndilondera pano."

Anatuluka akuthamanga, koma pakhomo penipeni anagundana ndi Akapitawo.

"Ukupita kuti nthawi ya ntchito? Wamaliza kumata?"

"Amayi, ndikukaitana abwana..."

"Abwana ndi anzako? Bwerera!"

"Chabwino, bwerani muone nokha."

Analowa onse awiri. Patebulo panalibe munthu. Pansi pa tebulo ndi pamene panatuluka miyendo iwiri ya thalauza losita bwino. Injiniya anali atakwawira kukhoma, kumene nthambo zinapiringizana pa soketi, ndipo akaziwo anamva "thu!" pulagi ikuzuka.

Fani inasiya kulira. Sikirini inapitiriza kuwala.

Anatuluka chambuyo, fumbi lili m'tsitsi, pulagi ili m'manja. Atakweza maso anakumana ndi akazi awiri.

Akapitawo anakweza magalasi, nawerama pa sikirini. Kwa nthawi yoyamba pa zaka makumi awiri anawerenga timabokosi tija, milomo ikugwedera.

"Thandizo. Fufuta. Sunga." Anawongoka. "Achimwene, Sunga akutani pa F3?"

"Ndimafuna kuona ngati nthambo..."

"Mumafuna kuzimitsa," anatero Watsopano. Mawu ake anatuluka ozizira, iye mwini anadabwa nawo. "Mwanena nokha kuti akazima mawuwo apita."

"Mami, ndimvere kaye."

"Mami wanu ali kwanu. Munadziwa liti?"

Injiniya anayang'ana pulagi ya m'manja mwake. "Loweruka ndinachotsa mzere umodzi mu fayilo, wa batani limene siligwiranso ntchito. Mawu onse anasunthira kumanzere. Mabatani sanasinthe, mawu okha. Sindinayese kuona ngati zili bwino. Ndinkadziwa kuti kuno palibe amene amawerenga."

"Kupatula ine."

"Sindinkadziwa kuti akupatsa tsamba limenelo!"

"Koma Lolemba munadziwa. Munakonza muli nokha, n'kuima pamaso pa abwana kunena kuti maso anga analumpha. Masiku atatu ndakhala ndikudziyesa wamisala! Munandilembera kalata, munandigwirira cholembera!"

"Ndinachitira ife! Akadziwa kuti ndine, kampani ino sindipondamonso, ndipo mbiri ikafalikira palibe amene adzandiitanenso. Iwe ntchito ya ukalaliki ukhoza kuipeza pena paliponse. Tikadya chiyani m'banjamo?"

"Banja lake liti? Lomanga pamsana panga?"

"Ukandinenera, zathu zathera pompano. Ganiza bwino."

"Tamumveni!" Akapitawo anaomba m'manja kamodzi. "Akuopseza ali chogwada. Iwe mtsikana, ine sindikukonda, ndipo sindiyamba lero. Koma bodza la mwamuna wa mano oyera ndimadana nalo kuposa iwe. Ima apo pa soketi. Akasuntha, kuwa."

Anatuluka, nsapato zikugogoda simenti kulowera ku ofesi ya abwana.

Watsopano anadutsa pambali pa mwamunayo nakaima kutsogolo kwa nthambo zija, msana atatsamira tebulo. Anapinda manja pachifuwa. Ntchito yake inali itapulumuka, koma mumtima munalibe chimwemwe ngakhale pang'ono. Ankamukonda munthuyu, ndipo chimenecho ndi chimene chinkapweteka.

"Duwa langa," ananong'ona Injiniya. "Kungozula pulagi imodzi, mawuwo apita, nkhani yatha. Tinena kuti amayiwa sanaone bwino. Ndikupezera ntchito ina, yabwino kuposa ino. Mwezi wamawa ndipita kwanu. Chonde."

"Mukufuna maso a munthu winanso alumphe?"

Panja panamveka mawu a abwana akufunsa kuti chachitika n'chiyani, ndi a Akapitawo akuyankha mokweza kuti depoti yonse imve.

Mtsikanayo anayang'ana pansi, misozi ikutsika osaipukuta. Kambirimbiri anali atalota mwamuna ameneyu atagwada pamaso pake, akumuchonderera, kanthu kali m'manja. Sanalotepo kuti kanthuko kadzakhala pulagi ya fani.