Mayi Wopanda Jekete m'Boti la ku Dambo

Ulendo uja anaukonzekera chaka chathunthu, bambo, mayi ndi mwana wawo wa zaka zinayi, amene ankamutchula kuti Kambalame chifukwa cholongolola. Tsiku lachitatu anazungulira mzinda waukulu kuyambira m'mawa. Anakwera chikepe mpaka pamwamba pa nyumba yosanja, anaona mafupa a nyama zakale, anajambulitsa pa kasupe. Koma zimene mayi a Kambalame anasunga mumtima zinali zina: wapolisi amene anaimitsa magalimoto kuti awoloke, ndi mtsikana wa m'sitolo amene anamanga chingwe cha nsapato ya mwanayo osapemphedwa.

"Inutu mumathokoza ndi maloboti omwe," amuna awo anawaseka. "Akangoyaka obiriwira, zikomo kwambiri!"

Madzulo anapita ku dambo, ulendo wa ola limodzi. Boti lomaliza linkanyamuka dzuwa likulowa, kuti anthu akaone maso a ng'ona ndi tochi. Woyendetsa boti, bambo wa imvi wosalankhulalankhula, ankaveka yekha munthu aliyense jekete loyandamitsa n'kumumanga lamba. Anthu khumi ndi awiri, majekete khumi ndi awiri.

Bambo a Kambalame anathamangira kutsogolo ndi foni. Mayi anakhala kumbuyo, mwana pamiyendo.

Mabango atayamba kupanikiza njira, woyendetsa anazimitsa injini. Anapita kutsogolo ndi tochi ndi mtengo wokankhira. Mdima unagwa msanga. Achule ankalira mbali zonse. Kambalame anagona, ndipo mwana wogona amalemera ngati thumba la mchenga. Mkono wa mayi unachita dzanzi.

"Bweretsani ndikunyamulireni. Mwatopa."

Anali mayi wina, pambali pawo penipeni. Sanamuone pokwera, koma anthu analipo ambiri. Mawu ake anali ofatsa. Anamupatsira mwanayo. Mayiyo anamuyangata bwino, mutu pachifuwa, n'kuyamba kung'ung'uza kanyimbo. Anthu abwino sadzatha, anatero mayi a Kambalame mumtima.

Achule anasiya kulira. Onse, nthawi imodzi.

Tochi inachoka pamadzi. Inayenda pa anthu, mzere ndi mzere, n'kuima kumbuyo. Apo m'pamene mayi a Kambalame anaona. Mayi uja analibe jekete. Diresi lake linkadontha, ndipo madzi ankakwawa pansi kulunjika pa nsapato zawo.

Tochi inazima.

"Mayi a kumbuyoko," woyendetsa anatero motsitsa mawu, "tengani mwana wanu. Pang'onopang'ono. Musakoke."

Mayi a Kambalame anatambasula manja. "Ndapuma tsopano. Zikomo, mwandithandiza."

Mikono ya mayiyo inali yozizira ngati mpopi wa m'mawa. Sinamasuke.

"Ali ngati wanga," ananong'ona. "Mudzandibwerekenso?"

Mayi a Kambalame anali asanakanepo munthu wopempha mwaulemu. Pakamwa panayankha pokha.

"Chabwino, mayi."

Mikono inamasuka. Atakumbatira mwana n'kucheuka, pa benchi panali madzi okhaokha.

Pa doko bambo a Kambalame anali kukamwa yasa. "Mwaiona ng'ona ija? Mano ngati a apongozi anga!"

Mayi sanaseke. Woyendetsa, akuwamasula lamba, anafunsa chapansipansi.

"Anakufunsani kanthu?"

Anamuuza.

"Nanga inu mwati chiyani?"

"Ndati chabwino."

Mzimayi wolandira majekete, amene anaima pafupi, anawagwetsa onse pansi. Anasendera n'kugwira mayi a Kambalame pamkono.

"Mwana wa mayi ameneyo anagwera m'madzi kuchoka m'boti kalekale, iye n'kudumphira momwemo. Sanapezeke onse awiri. Amangonyamula ana a anthu n'kubweza. Funso limenelo amafunsa aliyense, koma onse mantha amawatseka pakamwa. Palibe anamuvomerapo."

"Ndiye chichitike n'chiyani?"

"Sitidziwa, achemwali. Koma musagone pafupi ndi kuno."

M'galimoto anawafotokozera amuna awo. Iwo anati kumeneko n'kutopa, maso akalema amaona zambiri. Komabe sanaime paliponse mpaka ku hotela ya mumzinda, chipinda cha pa nsanja yachinayi. Bambo atangogona, mkonono unayamba.

Mayi anakhoma chitseko, natsamiritsapo mpando. Anakhala pa bedi, mwana pachifuwa. Kunja magalimoto anayamba kuchepa.

Kenako m'khonde munalira chule. Mmodzi yekha. Analira katatu n'kusiya.

Kuwala kwa pansi pa chitseko kunatchingika. Kanthu konyezimira kanalowa pamenepo, n'kuyamba kuyenderera pa matailosi.

"Odi."

Mawu ofatsa omwe aja.

Mayi anadzitseka pakamwa ndi dzanja, chifukwa "lowani" anali atafika kale pa lilime. Pachifuwa pawo mwana anatakataka n'kutsegula maso.

"Amayi, akuti odi," anatero Kambalame. "Paja munati kusayankha ndi mwano."